Kodi antimatter amaipanga bwanji, ndipo amaisunga m'chiyani?

Funso: Ndine mphunzitsi wa fizikisi pa sekondale ina yoyendera ku Ntcheu. Ana anga a Fomu 4 anaonera filimu imene zigawenga zinaba antimatter m'kabotolo kuti zikaphulitse mzinda. Tsopano sakundipatsa mpata. Akufuna kudziwa ngati chinthuchi chilipodi, ndiponso kuti ngati chimawonongeka chikangokhudza chilichonse, amachisunga m'chiyani. Wina wafunsanso ngati sichingathetse kuzimazima kwa magetsi. Ndithandizeni ndisawanamize.

Yankho: Aphunzitsi, mwachita bwino kusawabweza anawo ndi mawu aja akuti "zimenezo sizibwera pamayeso." Antimatter ilipodi. Ku CERN, malo ofufuzira sayansi amene ali pafupi ndi Geneva pamalire a Switzerland ndi France, amaipanga ndi kuisunga. Koma kabotolo kolowa m'thumba kophulitsa mzinda kulibe, ndipo magetsi sitidzawapeza kumeneko. Pa mafunso atatuwa, lachiwiri ndiye lili ndi nyama, chifukwa kupanga antimatter anthu anakudziwa kalekale. Chimene chawatuwitsa akatswiri kwa zaka zambirimbiri ndi kuiimitsa ndi kuigwira.

Muyambe ndi masamu amene anawo akuwadziwa kale. Mukalemba pabolodi x² = 4, mayankho ndi awiri, 2 ndi −2, ndipo ana ambiri amaiwala lachiwirilo. Mu 1928 Paul Dirac, mnyamata wa zaka 25 wa ku Cambridge, analemba masamu ofotokoza mmene elekitironi imachitira ikamathamanga moyandikira liwiro la kuwala. Masamu akewo nawonso anabala mayankho awiri. Limodzi linali elekitironi imene aliyense ankaidziwa. Linalo linkaoneka lopanda mutu, koma Dirac sanalitaye. Analimbana nalo mpaka mu 1931 pamene ananena poyera kuti elekitironi iyenera kukhala ndi phasa lake, lolemera chimodzimodzi koma la chaji ya pozitivi m'malo mwa negetivi.

Chaka chotsatira Carl Anderson wa ku Caltech, ku America, analijambula phasalo ngakhale sankalifunafuna. Iye ankafufuza cheza chimene chimagwa kuchokera kumlengalenga pogwiritsa ntchito kabokosi kodzaza nthunzi. Kanthu ka chaji kakadutsa m'nthunzimo kamasiya kamzere koyera, konga kamene ndege imasiya kumwamba. Kabokosiko kanali pakati pa maginito amphamvu, amene amakhotetsera kanthu ka pozitivi mbali ina, ka negetivi mbali inayo. Chovuta chinali chakuti pachithunzi sungadziwe ngati kanthuko kakukwera kapena kakutsika. Anderson anapingasa kachidutswa ka mtovu kochindikala mamilimita 6 pakati pa kabokosi. Kanthu kakaboola mtovu kamatopa, ndipo kotopa kamakhota kwambiri. Pachithunzi cha pa 2 Ogasiti 1932 mzere wakhota pang'ono kunsi kwa mtovu, n'kukhota kwambiri kumtunda kwake. Ndiye kuti kanthuko kanachokera pansi, ndipo poona mbali imene kanakhotera, kanali ka pozitivi. Pulotoni sikanasiya mzere wautali chotero, ikanaima msanga. Kanali positron, phasa lija la elekitironi. Chithunzichi chili pa intaneti, ndipo ndi chimodzi mwa zithunzi zochepa za fizikisi zimene mwana wa Fomu 4 angazimasulire yekha mukamulondolera pang'ono.

Pulotoni nayo ili ndi phasa lake, antiproton, limene Emilio Segrè ndi Owen Chamberlain ndi anzawo analipeza mu 1955 ku Berkeley. Nyutironi ilinso nalo. Mapasa amenewa ndiwo antimatter. Ndikamaphunzitsa zimenezi ndimakonda fanizo la munthu wokumba dothi loumbira njerwa. Sangapeze mulu wa dothi osasiya dzenje. Ziwirizi zimabadwa limodzi ndipo n'zofanana kukula, ndipo mukabwezera dothi m'dzenje zonse zimatha, pamatsala bwalo. Mphamvu zambiri zikaunjikana pamalo amodzi ang'onoang'ono zimatha kusanduka kanthu ndi phasa lake, ziwiriziwiri nthawi zonse. Ziwirizo zikakumananso zimatheratu, kulemera kwake konse n'kubwerera kukhala mphamvu malinga ndi E = mc² ya Einstein. Fanizoli musalikokere patali: antimatter si dzenje lenileni, ndi chinthu cholemera ngati china chilichonse.

Anawo adzadabwa kumva kuti anadyapo kale chinthu chotulutsa antimatter. Nthochi ili ndi potaziyamu, ndipo kagawo kochepetsetsa ka potaziyamuyo ndi ka mtundu wa potassium-40, umene nthawi zina umalavula positron. Nthochi imodzi imatulutsa positron imodzi pa mphindi pafupifupi 75, ndipo positron imeneyo imafera pomwepo ikakumana ndi elekitironi yoyandikana nayo. Mphenzi nazo zimapanga. Pa 14 Disembala 2009 setilaiti ya NASA yotchedwa Fermi inali pamwamba pa Egypt pamene ku Zambia, makilomita pafupifupi 4,500 kummwera, kunkagwa chimvula cha mabingu. Mapositron ochokera pamwamba pa mitamboyo anatsata mizere ya maginito a dziko lapansi mpaka kukagunda setilaitiyo. M'zipatala zimene zili ndi makina a PET, wodwala amamubaya shuga wokhala ndi fluorine-18, zotupa za khansa zimamwa shugayo mwadyera, mapositron amafera momwemo n'kutulutsa cheza cha gamma chiwirichiwiri cholunjika mbali zosemphana, ndipo makina amaona pamene chachokera. Mapositron tsono si ovuta kuwapeza. Ku CERN amangowatenga ku sodium-22, mtundu wa sodiyamu umene umalavula mapositron.

Ma-antiproton ndiwo amafuna fakitale, chifukwa iliyonse imalemera kuposa positron maulendo 1,836, ndiye mphamvu zoyenera kuunjikidwa n'zochuluka. Makina akale otchedwa Proton Synchrotron, amene anayamba ntchito mu 1959, amathamangitsa mapulotoni oposa 10 thiriliyoni mpaka kutsala pang'ono kufika liwiro la kuwala, n'kuwamenyetsa onse pa kachitsulo ka iridium. Kachitsuloko n'kochepa kuposa pensulo: mamilimita 3 m'mimba mwake, masentimita osafika 6 m'litali. Anasankha iridium chifukwa ndi chimodzi mwa zitsulo zothinana kwambiri padziko, ndiye pulotoni siidutsa kutali isanagunde china chake. Pakugundanapo pamatuluka zinyalala zamitundumitundu zomwazikira uku ndi uku, ndipo pakati pake pamakhala ma-antiproton apo ndi apo. Maginito amasankha ofunikawo monga mayi amapetera mphale. Amene amafika kwa ofufuza ndi pafupifupi 30 miliyoni pa mphindi ziwiri zilizonse, kutanthauza awiri kapena atatu pa mapulotoni 1 miliyoni amene anaponyedwa. Nambala ya 30 miliyoniyi muisunge, tiigwiritsa ntchito.

Ma-antiproton amenewa amabadwa ali pa liwiro loopsa, ndipo chinthu chothamanga chotero sungachiike m'khola. N'chifukwa chake pamalo potchuka ndi makina othamangitsa tinthu pali makina ena amene ntchito yake ndi kugwira mabuleki. Antiproton Decelerator, kapena AD, ndi paipi yozungulira yotalika mamita oposa 180, ndipo inayamba ntchito mu 2000. Kuchepetsa liwiro kokha sikokwanira, chifukwa gulu likamachepa liwiro limamwazikana ngati mbuzi zotuluka m'khola m'mawa. Ndiye amaliziziritsa, ndipo pano "kuzizira" kukutanthauza kuchepetsa kuyendayenda kwa kanthu kalikonse m'kati mwa gulu. Njira ina inatulukiridwa ndi Simon van der Meer: chipangizo chimamva kuti gawo ili la gulu lapatuka, n'kutumiza uthenga modutsa pakati pa bwalo, njira yachidule, kuti gululo likamafika tsidya linalo lipeze chipangizo china chikudikira kulikankhira m'njira. Nzeru imeneyi inamupatsa mphoto ya Nobel mu 1984 pamodzi ndi Carlo Rubbia. Njira ina ndi kuwayendetsa limodzi ndi maelekitironi ozizira kuti awalande kutentha. Potuluka mu AD amakhala akuyenda gawo limodzi mwa magawo 10 a liwiro la kuwala. Kenako amalowa m'kabwalo kakang'ono ka mamita 30 kotchedwa ELENA, kamene kamawatsitsanso mpaka makilomita pafupifupi 4,400 pa sekondi. Kwa ife limenelo ndi liwiro la misala, koma kwa ofufuzawo ndiye poyambira kugwira. ELENA isanabwere ankawadutsitsa m'timapepala topyapyala tachitsulo kuti atope, ndipo oposa 99 pa 100 aliwonse ankafera momwemo.

Tafika pa funso lenileni la anawo. Amaisunga m'chinthu chimene makoma ake si chitsulo kapena galasi koma mphamvu za maginito ndi za magetsi. Dzina lake ndi msampha wa Penning. Taganizirani timphete tamkuwa tokutidwa ndi golide, tosanjikizana mpaka kupanga kapaipi. Maginito amphamvu amalunjika m'litali mwa kapaipiko, ndipo antiproton, poti ili ndi chaji, ikafuna kupita kukhoma maginitowo amaikhotetsa, imangozungulira pakatikati. Kuti isathawire kumapeto, timphete ta mbali zonse ziwiri amatipatsa chaji ya negetivi, ndipo antiproton, imenenso ndi ya negetivi, ikayandikira imakankhidwa kubwerera. Imakhala ikulendewera pamenepo osakhudza kanthu.

Mdani wotsala ndi mpweya. Kanthu kamodzi ka mpweya kotsalira m'kapaipi n'kokwanira kupha antiproton imodzi. Mapampu okha sangachotse wonse. Chimene amachita ndi kutseka kachipinda konse n'kukaziziritsa ndi heliyamu yamadzi mpaka madigiri −269, ndipo pamenepo mpweya wotsala umaundana n'kumatirira kumakoma. M'katimo mumakhala mopanda kanthu kuposa mlengalenga mmene setilaiti zimayenda. Gulu la ofufuza lotchedwa BASE, lotsogozedwa ndi Stefan Ulmer, linasunga ma-antiproton mwanjira imeneyi kwa masiku 405, chaka chathunthu ndi mwezi woposa umodzi, likumatapako imodziimodzi ikafunika, ngati mchere wa m'kachitini. Koma apa pali malire amene opanga mafilimu sawatchula. Ma-antiproton onse ali ndi chaji yofanana, ndiye amakankhana okhaokha. Ukamawonjezera m'msampha, kukankhanako kumakula mpaka maginito amalephera. Msampha wotere sungasunge ngakhale kachigawo kooneka ndi maso.

Mwana wochenjera anena kuti: bwanji osaphatikiza antiproton ndi positron kuti chaji ithe? Akatero wayankha ngati katswiri, chifukwa zimenezo ndizo antihydrogen, phasa la atomu ya hayidirojeni. Koma chaji ikatha, chogwirira chathanso, msampha wa Penning sugwira kanthu kopanda chaji. Mu 1995 gulu la Walter Oelert linapanga maatomu 9 oyamba ku CERN, ndipo iliyonse inakhala moyo kagawo kochepetsetsa ka sekondi, ikuthamanga, mpaka kukagunda chipangizo. Mu 2002 magulu a ATHENA ndi ATRAP anapanga masauzande ambiri oyenda pang'onopang'ono, komabe onse ankakathera kukhoma.

Chimene chinapulumutsa zinthu ndi chakuti atomu imeneyi, ngakhale ilibe chaji, imachita ngati kamaginito kofooka. Mukakonza maginito kuti akhale ofooka pakati ndi amphamvu m'mbali monse, ena mwa maatomuwo amakankhidwira pakati. Msampha wake uli ngati lichero losaya kwambiri. Ponyanimo nandolo: wogudubuzika pang'onopang'ono amabwerera pakati, wothamangako pang'ono amalumpha mkombero n'kugwa pansi. Lichero la gulu la ALPHA, lotsogozedwa ndi Jeffrey Hangst, limagwira maatomu okhawo amene kutentha kwawo sikuposa theka la digiri pamwamba pa kuzizira kotheratu kwa −273. Mu 2010 anasakaniza ma-antiproton ndi mapositron maulendo 335, ma-antiproton onse pamodzi pafupifupi 10 miliyoni, ndipo anagwira maatomu 38, kwa nthawi yosafika theka la sekondi. Anadziwa bwanji kuti agwira, poti atomu siioneka? Anayamba asesa tinthu tonse ta chaji totsala, kenako n'kuzimitsa maginito mwadzidzidzi. Chilichonse chimene chinali m'lichero chinathawira kukhoma n'kuthetheka, ndipo zipangizo zozungulira msampha zinajambula njira za tizidutswa totuluka, zonse zikuloza pamalo amodzi. Umboni woti unagwira umaupeza pomuwononga wogwidwayo. Mu 2011 anafika pa masekondi 1,000, mphindi zoposa 16. Kuchokera apo aphunzira kuunjika maatomu pang'onopang'ono, ndipo mu 2025 analengeza kuti asonkhanitsa oposa 15,000 m'maola ochepa.

Za magetsi, mulole anawo awerengetse okha, chifukwa masamu ake amatsutsa bwino kuposa ine. Galamu imodzi ya antimatter ikakumana ndi galamu imodzi ya chinthu wamba, magalamu awiri amasanduka mphamvu: makilogalamu 0.002 kuchulukitsa ndi liwiro la kuwala, n'kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo, zimapereka majuli 180 thiriliyoni, kapena mayunitsi a magetsi 50 miliyoni. Siteshoni ya Kapichira, ya mamegawati pafupifupi 130, ingafunike masiku 16 ikugwira ntchito usana ndi usiku kuti ifike pamenepo. Kuphulika kwa magalamu awiriwo kungapose bomba la ku Hiroshima pafupifupi katatu. Mpaka apa filimu ija sinaname. Tsopano afunseni kuti galamuyo ichokera kuti. Mu galamu imodzi muli ma-antiproton okwana 6 wotsatidwa ndi maziro 23. Gawani ndi 30 miliyoni ija, muchulukitse ndi mphindi ziwiri, musandutse zaka. Mupeza zaka zoposa 70 biliyoni, pamene chilengedwe chonse chili ndi zaka 13.8 biliyoni. A ku CERN eni ake amanena kuti antimatter yonse imene anapangapo, itawonongedwa nthawi imodzi, ingayatse babu limodzi kwa mphindi zochepa.

Ngakhale makina atafulumira bwanji, pali chifukwa china chachikulu. Malasha amakumbidwa pansi, madzi a Shire amatsika okha, dzuwa limawala popanda wolilipira. Antimatter ilibe mgodi. Iliyonse uyenera kuipanga ndi magetsi, ndipo zimene ungabwezedwe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a magetsi amene unalowetsa, mwinanso kuchepera. Ndiye ngati mwanayo akufunadi kudzathandiza pa nkhani ya magetsi, mumulozere ku sola ndi ku madzi.

Nanga akuvutikiranji? Bwererani ku dothi ndi dzenje. Ngati zinthu zimabadwa ziwiriziwiri, pachiyambi cha chilengedwe payenera kuti panali zinthu wamba ndi antimatter zofanana kuchuluka, ndipo zikanathana zonse, n'kutsala kuwala kokha. Koma ife tilipo, nyenyezi zilipo, ndipo kulikonse kumene tayang'ana kumwamba sitikuona milalang'amba ya antimatter. Mawerengedwe amasonyeza kuti pa mapasa 1 biliyoni alionse panatsala kanthu wamba kamodzi kopanda mnzake, ndipo zonse zimene timaziona zinachokera ku zotsalazo. Kusiyana kwakung'ono pakati pa mbali ziwirizi kunaoneka koyamba mu 1964 pa tinthu totchedwa kaon, koma kumene kwapezeka mpaka pano n'kochepa kwambiri kuti kufotokoze nkhani yonse. Choncho amagwira phasalo, kuliimika phee, n'kuliyeza ndi mnzake mbali iliyonse. BASE inapeza mu 2022 kuti chaji poyerekeza ndi kulemera n'chimodzimodzi kwa pulotoni ndi antiproton mpaka magawo 16 pa 1 thiriliyoni. ALPHA inawalitsa laser pa antihydrogen n'kupeza kuti imamwa kuwala kwa mtundu womwewo umene hayidirojeni imamwa.

Kuyesa kumene ine kumandisangalatsa kwambiri n'kosavuta kumva. Anthu ena ankaganiza kuti mwina antimatter ukaisiya imagwera m'mwamba. Pa kuyesa kumene zotsatira zake zinalengezedwa mu 2023, gulu la ALPHA linaimika msampha wawo chilili, n'kusonkhanitsa maatomu pafupifupi 100 ulendo uliwonse, kenako n'kumafooketsa maginito a kumwamba ndi a pansi mofanana kwa masekondi 20. Hayidirojeni wamba itachitidwa zomwezo, pafupifupi 80 pa 100 ingatulukire pansi. Antihydrogen inachita zogwirizana ndi zimenezo. Imagwa pansi ngati mango. Ena anakhumudwa, koma kwa ine kudziwa chifukwa choyesa n'kosiyana kwambiri ndi kungokhulupirira kuti ziyenera kutero.

Ngati anawo akufunabe kabotolo kawo, chimene chikuyandikirako ndi BASE-STEP. Mu holo ya AD muli maginito ambirimbiri amene amasokoneza miyeso yosamalitsa, ndiye ofufuza akufuna kumanyamula ma-antiproton kupita nawo kumalo abata, monga ku yunivesite ya Heinrich Heine ku Düsseldorf, ku Germany. "Kabotolo" kameneka ndi bokosi lolemera pafupifupi tani imodzi, lokhala ndi maginito, heliyamu yamadzi ndi mabatire ake, ndipo amalikweza pa lole ndi kireni. Mu Okutobala 2024 analiyesa koyamba ndi mapulotoni wamba pafupifupi 70, kulizungulitsa m'misewu ya m'kati mwa CERN, ndipo anabwerera nawo ali m'msampha. Muwapatse anawo funso ili ngati ntchito ya kunyumba: akanakhala ma-antiproton 70, lole n'kugwa m'dzenje, maginito n'kuzima, onse n'kugunda khoma, pakanatuluka mphamvu zochuluka bwanji? Pulotoni imodzi imalemera makilogalamu 1.67 × 10⁻²⁷, ndipo asaiwale kuwirikiza kawiri chifukwa aliyense amafa ndi mnzake. Yankho lake ndi pafupifupi majuli 2 × 10⁻⁸, mphamvu za kamchenga kamodzi kogwa kuchokera pa milimita imodzi kapena ziwiri. Dalaivala sakanamva n'komwe.